Tsiku Limene Ndinatsitsa Tsache ku Nabvutika

Ntchito yanga yoyamba inandipeza ndili m'tchalitchi. Ndinali nditamaliza Giredi 12, ndipo chaka chathunthu ndinangokhala pakhomo pa makolo kufupi ndi Tamanda, kusesa bwalo losesedwa kale. Atate anali aphunzitsi, amai anali mlembi wa amai a mumpingo, ndiye mutha kuiona nyumba imene ndinakuliramo. Nsapato pamzere, mabuku pamzere, ngakhale nkhuku zinkadziwa kuti pakhonde sipoyenda. Lamulungu lina, chapakati pa zaka za m'ma 1990, anawerenga chilengezo chakuti kabungwe kena ka amai ku Chipata kakufuna mtsikana wolemba bwino ndi wodziwa njinga. Ntchito yake inali yothandiza kufufuza ngati thandizo limene kankapereka kwa amai ogwidwa ndi mowa ndi ana awo likupindula. Amai anandigunda ndi chigongono. Atate anayang'ana kudenga.

Titafika kunyumba atate anati, "Mwana wanga ine azikalowa m'nyumba za kachasu?"

Amai anayankha akuvula duku, "Nanga mukufuna azikalowamo mwana wa yani?"

Nkhani inathera pomwepo. Lolemba ndinakwera lole kupita kwa amalume, amene anali kalaliki ndipo ankakhala ku Kapata, mu Chipata momwemo.

Mkulu wa ntchitoyo anali Amai Sakala, namwino wopuma pantchito, koma aliyense ankangoti Sisita. Anali aafupi, a mawu aakulu, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Satifiketi yanga, imene ndinaikutira bwinobwino m'pulasitiki, sanaiyang'ane n'komwe. Anandipatsa pensulo ndi lezala kuti ndisongole, kenaka anandisunthira kapu yokhala ndi timadzi pansi.

"Nunkhiza. N'chiyani chimenecho?"

Ndinanunkhiza mpaka misozi inalengeza. "Parafini, Sisita."

Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Mayo ine, anditumizira mngelo! Ameneyo ndi kachasu, mwana wanga. Umudziwe, chifukwa uzikumana naye m'mawa uliwonse. Ukamumva pa munthu, nkhope yako isasinthe. Ukangokwinya mphuno kamodzi, khomo limenelo sadzakutseguliranso."

Kabungweko kankasonkhanitsa amai a m'makomboni a Nabvutika ndi Kapata, onse a ana aang'ono. Lachiwiri lililonse ankakumana m'kachipinda kuseri kwa tchalitchi. Ankacheza, kuphunzira kusoka ndi kukazinga zitumbuwa zogulitsa, ndipo aliyense ankabwerera ndi ufa wa soya wa phala la mwana. Anthu opereka thandizo, amene nkhope zawo sitinazionepo, anafuna kudziwa ngati zonsezi zikusintha kanthu. Panafunika munthu woyenda khomo ndi khomo kwa miyezi isanu ndi umodzi, kuona, kufunsa ndi kulemba. Munthuyo ndinali ine, ndi njinga yakuda yolira ponseponse kupatula belu.

M'chikwama cha kaki ndinkanyamula sikelo yopachika ya ngowe, chingwe, kakabudula ka nsalu kolowetsamo mwana, tepi yoyezera mkono, kabolodi kopanira mafomu, mapensulo awiri ndi labala. Bolopeni inali yoletsedwa, chifukwa mvula ikagwera pa inki, ntchito ya sabata yonse imasanduka matope. Ndikafika pakhomo ndinkamanga chingwe pa nthambi ya mango kapena pa mtanda wa khonde, n'kupachika sikelo. Ndinkayamba ndakoleka kakabudula kopanda mwana ndi kupotoza kachitsulo mpaka singano itaima pa ziro. Ndipamene mwana ankalowa, n'kumalendewera akukuwa ngati tikumupha, ine n'kudikira singano ileke kunjenjemera, maso anga ali pamzere umodzi ndi nambala. Tepi inkazungulira mkono wamanzere, pakati penipeni pa phewa ndi chigongono, osakoka kwambiri, osalekerera. Ikagwera pobiriwira tinkapuma. Pachikasu tinkayamba kufunsa zambiri. Pofiira, mwanayo ankapita ku kiliniki tsiku lomwelo. Zonsezi ndinkazifanizira ndi khadi la mwana la kusikelo.

Fomu inali ndi masamba anayi, ndipo dzina la munthu sitinkalemba, nambala yokha. Tsamba loyamba linali la thupi la mwana. Lachiwiri linali la zimene anadya dzulo lake. Lachitatu linali la mowa: mwamwa masiku angati sabata yathayi? Lachinayi linali la pakhomo: bwalo n'losesa, thandala la mbale lilipo, chimbudzi n'chovundikira, ziwiya zili m'malo mwake? Tsamba lachinayi limeneli ndilo ndinkalikonda, pakuti za kusesa ndi kulongedza ndinali katswiri chibadwire.

Malamulo a Sisita anali ochepa. Usawauze tsiku limene ubwere. Usalalikire. Ndipo lalikulu ankalinena akundiloza ndi pensulo: "Dailesi, kumeneko ukupita ndi maso ndi makutu. Manja ako ndi a fomu basi."

Sabata isanathe amai aja anali atandipatsa dzina. Ndikangotulukira pakona, wina ankafuula, "Kwabwera aNafomu! Sambitsani ana!" Ndinkachita manyazi, koma pang'onopang'ono ndinayamba kuyankha nalo. Anali anthu a nthabwala, ndipo ankandipatsa mpando wabwino kuposa onse, ngakhale utakhala chigubu. Koma tikafika tsamba lachitatu, onse ankasanduka oyera mtima. "Ine? Aa, ndinaleka kalekale," munthu akunena choncho fungo likundifika pamene ndakhala. Sindinkawaimba mlandu. Amene walembedwa katatu kuti wabwerera ku mowa ankatengedwa kuti walephera, ndipo nkhani yake inkapita ku komiti ya kabungweko, imene inkatha kuuza achibale kuti atenge mwana.

Mmodzi wa amaiwo pa fomu anali nambala 14, koma dzina lake linali Esinati, amake Mada. Ankandiposa zaka zisanu zokha. Amuna ake atamwalira anayamba kugulitsira munthu wina kachasu, ndipo kulawa kwa wogulitsa kunakula mpaka kunamumeza. Ankakhala m'kanyumba ka chipinda chimodzi kumtunda kwa Nabvutika, kumene nyumba zimakwera phiri, denga la wina lili pansi pa khomo la mnzake. Mada anali kamtsikana ka zaka ziwiri, ka maso aakulu, ndipo tsiku loyamba kanandiluma chala ndikukalowetsa m'kakabudula. Esinati anaseka mpaka kukhala pansi. "Aphunzitsi, mwana sakwezedwa ngati thumba la makala. Muimbireni kaye." Anayamba kuimba kanyimbo kopanda mutu, Mada n'kulendewera phee, singano n'kuima. Kuyambira pamenepo ndinkaimbira ana onse, ndi mawu anga a kwaya ya ku Tamanda.

Ndinamukonda Esinati, sindibisa. Ankandisungira mango. Ankandifunsa za anyamata, ndikakana n'kunena kuti, "Mudzakwatiwa ndi sikelo yanuyi." Koma anali ndi chomudetsa nkhawa chimodzi. Azakhali a Mada, mlongo wa malemu amuna ake, ankagulitsa tinsomba touma ta kapenta pamsika wa Kapata, ndipo anali atapita kale ku komiti kawiri kukapempha mwanayo. Sanali munthu woipa. Anali mai wolimba, wosamwa, amene ankaona nkhope ya mlongo wake pa kamwanako. Komiti inawauza kuti adikire kufufuza kuthe, ndipo ngati mafomu aonetsa kuti mwana sakusamalidwa, amutenge. Esinati ankadziwa zimenezi. Tsiku lina ndikulongedza sikelo anandiuza motsitsa mawu, "Akanditengera Mada, aNafomu, musadzavutike kubweranso. Simudzapeza munthu."

Mada ankanenepa mwezi ndi mwezi, ndipo mzere wa pakhadi lake unkakwera bwino. Chimene chinkandivuta ine chinali tsache. Kawiri konse ndinafika n'kupeza chitseko chotseka, pakhomo palibe munthu, tsache lili padenga, chogwirira chikuloza kumwamba. Ndinalionanso pa madenga ena awiri. Ndinkati ndi ana osewera, kapena ulesi chabe wa m'komboni. Ndinkalemba kuti mwini sanapezeke, ndipo pa funso la ziwiya ndinkachonga kuti ayi. Nditakumana naye ndinamulangiza ndi mawu a amai anga enieni, "Amake Mada, tsache malo ake ndi kuseri kwa chitseko." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndamva, aphunzitsi."

Tsiku lovuta linali Lachinayi, m'mwezi wa Febuluwale, mwezi womaliza wa kufufuza. Mvula inali itagwa masiku atatu, ndipo ngalande zonse zinali zikusefukira. Ndinasiya njinga kumunsi n'kukwera wapansi, ndipo ndinafika kwa Esinati cha m'ma eyiti koloko m'mawa. "Odi! Odi kuno!" Zii. Chitseko cha malata chinali chokoledwa ndi kawaya. Ndinaganiza kuti wapita kumpopi ndi mwana kumsana. Nditakweza maso, ilo, tsache padenga.

Mtima unandipweteka. Ino inali fomu yomaliza, imene azakhali aja ankaidikira, ndipo munthu uyu akudziwonongera ndi tsache! Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe wondiona. Ndinatenga ndodo yochirikizira chingwe choyanikapo zovala, ndinakwera pa mwala, n'kulikokera pansi. Popeza linali kale m'manja, ndinasesa bwalo lonse, mizere yokongola ngati ya kwathu, n'kuliimika pakona. Ndinachonga kuti bwalo n'losesa, ziwiya zili m'malo mwake. Ndinatsika phiri ndikudziyamikira kuti ndine munthu wachifundo, ndi maganizo obweranso masana kudzayeza mwana.

Ndinayeza ana atatu kumunsi, ndipo dzuwa lili pamutu ndinabwerera. Chitseko chinali chikali chokoledwa pamwamba, koma m'munsi lata linali litapindikira kunja, posiya mpata woti mphaka wamkulu angadutsepo. Ndinasuzumira. Pamphasa panali bulangeti, pambali pake mbale ya phala yovundikira. Munthu munalibe.

Mai wina wodutsa ndi nkhuni anandiuza mosafuna kuti amake Mada awaona kuseri kwa chigayo. Ndinkadziwa chimene chimagulitsidwa kumeneko. Ndinamupeza atakhala pa benchi, mutu utapendekeka, kumsana kulibe kanthu. Atandiona anaphimba nkhope ndi chitenje.

"Amake Mada, mwana ali kuti?"

"Ali bwino, aNafomu. Lembani za ine, mwana ali bwino." Lilime linali lolemera, koma ankalankhula motsimikiza. "Ali kwa aNambewe. Ndinamusiya ali mtulo, ndinaika tsache padenga. Akaliona amabwera kudzamutenga."

Ndinathamanga kukwera phiri lija, chikwama chikundimenya m'chiuno, mpaka kwa aNambewe. Awa anali mai wamkulupo wa m'gulu lomwelo, nambala 9, amene khomo lawo linali pamwamba pa la Esinati. Ndinawapeza akuchapa.

"Mada ali kuno?"

"Mada? Iyayi. Bwanji?"

"Amake akuti anaika tsache."

"Tsache liti? Pochokera kumpopi ndayang'ana madenga onse. Panalibe kanthu."

"Ndinalitsitsa ndine."

Sanandinyoze, nthawi yake panalibe. Anataya sopo m'beseni n'kuyamba kufuula maina a amai anzawo, ndipo posakhalitsa tinali asanu, wina kuchigayo, wina kumpopi, wina kumsewu. "Madaa! Madaa!" Ine ndinkangotsatira aNambewe ngati mbuzi yomangidwa. Iwo anawerama pakhomo la Esinati kufuna mapazi a mwana, ndipo anawapeza msanga, chifukwa bwalo ndinali nditalisesa bwino kwambiri. Timapazi tinkatsika kunjira imene amake ankadutsa tsiku ndi tsiku.

Kumunsi kwa njirayo kunali ngalande yaikulu, yowoloka pa thabwa limodzi. Madzi ake anali ofiira, akuthamanga ndi zinyalala. Ndinapemphera mokweza, mawu osagwirizana, ine mwana wa aphunzitsi amene ndinkadziwa mapemphero onse pamtima. Kenaka aNambewe anakweza dzanja kuti ndikhale chete. Panamveka kamawu kosasa, kosatinso kulira. Mada anali pansi pa thabwalo, atatitimira m'matope mpaka m'chiuno, timanja titagwira udzu, madzi akumunyambita pamimba. ANambewe anatsetsereka ndi matako n'kumuzula. Phazi lake linali litachekedwa ndi chitini, ndipo thupi lonse linali lozizira. Anamukulunga m'chitenje chawo, ndipo tinathamangira ku kiliniki.

Anamutsuka bala, kumumanga ndi kumubaya jakisoni. Tili pa benchi, mwana atagona pachifuwa chawo, aNambewe anandifotokozera osandiyang'ana. Nzeru ya tsache anaipangana okha amai aja, Lachiwiri lina Sisita atatuluka. Anali amai asanu amene madenga awo ankaonana. Munthu akamva kuti lero ludzu lamugonjetsa, ankaponya tsache padenga, ndipo mnzake woyamba kuliona ankabwera kudzatenga mwana. Panalibe kufunsa, panalibe kudzudzula. Mwana ankadya, kusamba ndi kugona komweko, mpaka mwini atatsitsa tsache ndi dzanja lake.

"Bwanji osangomubweretsa mwanayo pakhomo panu?" ndinafunsa.

"Simunamwepo, eti? Munthu pa nthawi imeneyo safuna kuonana ndi munthu maso ndi maso. Ukamuuza kuti abwere adzapemphe, manyazi amupangitsa kupita naye mwana ku mowa konko."

"Nanga bwanji simunatiuze?"

"Kuti muziwerenga masache? Tsache lililonse padenga ndi munthu wovomera kuti wamwa. Katatu, mwana wapita."

Apo ndipamene ndinamvetsa chimene chinkandizunguza miyezi yonseyo. Amai ambiri ankamwabe, mphuno yanga inkadziwa, koma ana awo ankanenepa. Chinthu chenicheni chimene ananditumira kudzafufuza chinali pamwamba pa mutu wanga, ine n'kumachichonga kuti uve.

Nkhani m'komboni siyenda pansi. Tisanatuluke, azakhali a Mada anatulukira, manja akununkha kapenta, mpweya uli m'mwamba. Anamutenga mwana pachifuwa cha aNambewe, kumubereka, n'kunena mawu amodzi okha pakhomo, "Tikaonana ku komiti."

M'mawa mwake ndinaika fomu patebulo la Sisita n'kuulula zonse. Anavula magalasi, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo.

"Ndinati chiyani za manja?"

"Munati ndi a fomu basi."

"Ndipo iwe unawapatsa tsache." Ndinayesa kupempha kuti tsamba lachitatu tingolemba kuti sanamwe, poti cholakwa chinali changa. Anandiyang'ana mpaka ndinaweramitsa mutu. "Dzulo unanama ndi tsache, lero ukufuna kunama ndi pensulo? Fufuta zimene unachonga. Ulemba kuti anamwa. Ulemba kuti mwana anapezeka yekha m'ngalande. Kuseri kwa tsamba ulemba chimene iwe unachita, ndipo ukachiwerenga wekha pamaso pa komiti. Akakuchotsa ntchito, akuchotsa. Koma za tanthauzo la tsachelo si chinsinsi chako. Pita ukapemphe eni ake."

Masiku anayi otsatira anali aatali. Ndinadutsa kwa Esinati kawiri. Ankangokhala pakhomo, osamwa, osaphika, bulangeti la mwana lili pamiyendo. Sindinalimbe mtima kufika pafupi.

Lachiwiri ndinalowa m'kachipinda kaja amai onse atakhala, Sisita n'kutuluka dala. Ndinagwada pa simenti. Ndinawauza kuti ndikangonena kuti ndinatsitsa tsache, osafotokoza tanthauzo lake, komiti idzati mai anasiya mwana yekha n'kupita ku mowa, ndipo Mada sabweranso. Koma ndikafotokoza, ndiye kuti ndaulula onse. Phokoso linabuka. Wina anati, "Mwationongera kale, lero mukufuna mutimalize?" Wina anati iye apongozi ake akangomva, basi ana ake awiri apita kumudzi. Zonse zinali zoona. Ndinangolira, mamina ndi misozi, ulemu wonse wa ku Tamanda utathera pansi.

ANambewe anadikira phokoso lithe. "Akatenga wa Esinati chifukwa takhala chete, tsache limeneli ndani adzaliponyenso? Aliyense aziti likapanda kuoneka anzanga adzandikana. Ine ndipita, ndikanena langa." Kenaka wina anati, "Basi, tipite tonse, akatidye limodzi."

Esinati nayenso analipo. Potuluka anaima pafupi nane, maso ali otupa. "Dzukani, aNafomu, simenti ikuzizira." Anandikoka dzanja. "Koma bwalo lokha munasesa bwino, sindikana."

Komiti inakhala Lachisanu masana: abusa, akulu a mpingo awiri, bambo wina woona za ana, ndi Sisita. Azakhali anakhala kutsogolo, Mada ali kumsana, phazi lili ndi bandeji. Kamwanako kataona amake kanayamba kudzikoka, koma chitenje chinali chomangidwa zolimba. Ndinaimirira n'kuwerenga fomu yonse, masamba anayi ndi kuseri komwe. Nditamaliza, azakhali anatembenukira kwa ine.

"Ndiye mukundiuza kuti mlamu wanga amamwabe?"

"Inde, amai."

"Ndipo mukufuna ndimubwezere mwana?"

Ndisanayankhe, aNambewe anaimirira. "Langa lakwera kanayi chiyambire mvula. Kanayi konseko mwana wanga anagona kwa Esinati, anadya, anasamba, mpaka kumuluka tsitsi." Wina anaimirira, "Langa kawiri." Winanso, "Langa sindiwerenga, koma mwana wanga sanagonepo ndi njala." Mkulu wa mpingo mmodzi anayamba kulemba, koma Sisita anaika dzanja pa pepala lake, ndipo anasiya. Kenaka anatambasula khadi la Mada patebulo, chala chikutsata mzere uja wokwera, mwezi ndi mwezi.

Azakhali analiyang'ana khadilo nthawi yaitali. Kuwerenga sankadziwa kwenikweni, koma mzere wokwera mai aliyense amaudziwa. Kenaka anayang'ana Esinati.

"Mlamu, tsiku lija unachoka usanaone munthu akubwera?"

Ndinkafuna kulumphira kuti cholakwa n'changa, koma Esinati anandiyambirira. "Inde, alamu. Masiku onse ndimabisala kuseri mpaka ndione aNambewe akutsika. Tsiku lija sindinadikire. Dzulo lake ndinali pa maliro a mwana wa mnzanga, mutu sunali wanga. Ndinalakwa. Sindikulonjezani kuti sindidzamwanso, ndinganame. Koma kuchoka mwana asanalowe m'manja mwa munthu, sindidzachitanso."

Abusa anatsegula pakamwa, koma azakhali anali atayamba kale kumasula mfundo ya chitenje. Anamutsitsa Mada pang'onopang'ono, akusamala phazi lija.

"Denga lako ku Kapata silioneka," anatero, mawu ali okalipa ndithu. "Ndiye inu aNambewe, tsache limenelo likakwera, mwanayu muzibwera naye kumsika kwa ine. Ndi magazi athu, nafenso tilereko." Anamuika m'manja mwa amake. "Ndipo nsapato umugulire, wamva? Mwana wa mlongo wanga asamayende ngati bakha."

Esinati anamukumbatira. Anakwirira nkhope m'khosi mwa mwana wake, mapewa akugwedezeka, Mada akumukoka khutu.

Ntchito sanandichotse. Sabata yotsatira Sisita anandikhazika pansi ndi mulu wa mafomu, ndipo pansi pa tsamba lachitatu la fomu iliyonse tinalemba ndi manja funso latsopano: tsiku limene munamwa, mwana anali kuti, ndipo anamudyetsa ndani? Komiti inavomera kuti mai asamalembedwe wolephera chifukwa chongovomera kuti wamwa. Nditazungulira komaliza, amai anayamba kuyankha zoona, ndipo tsamba lachitatu linaoneka loipa kuposa kale. Ndinaopa kuti opereka thandizo akaliona atseka zonse. Sisita anati, "Tumiza momwemo. Akafuna za angelo apite ku Tamanda." Sanatseke.

Ntchito yofunsa anthu mafunso ndinaigwira zaka zambiri pambuyo pake, m'midzi ndi m'makomboni, ndipo ndaphunzitsa atsikana ambiri kugwira fomu. Onse ndimawauza chimodzimodzi. Ukafika pakhomo pa munthu n'kuona chinthu chimene iwe ukuti sichili m'malo mwake, usachigwire ndipo usafulumire kuchonga. Funsa kaye kuti wachiika ndani ndipo chifukwa chiyani. Anthu amene tikuwayeza amakhala atayamba kale kudzithandiza m'njira imene wolemba fomu sanaiganizire. Ndipo chifundo chako chikakuyabwa m'manja, khalira manjawo.

Esinati sanaleke mowa tsiku limodzi ngati za m'maumboni a kutchalitchi. Anagwa, anadzuka, anagwanso, ndipo pamene ndinkachoka ku Chipata anali akulimbana nawobe. Masiku oipa Mada ankakhala pamsika, pa thumba la kapenta, azakhali ake akumukalipira ndi kumudyetsa. Masiku ena onse ankagona pamphasa ya amake, ndipo sukulu anayambira ku Nabvutika komweko.